Cidziwitso kwa odwala ocokela ku Zambia odutsa pa Mwami kupita ku Mchinji: malamulo a camba ca mankhwala

Cidziwitso ici n'ca inu a ku Chipata, Chadiza, Vubwi ndi Katete amene mumadutsa pa boda ya Mwami kukaona acibale kapena kukafuna thandizo la cipatala ku Mchinji ndi ku Lilongwe. Mphekesela yakuti camba anacimasula ku Malawi yafala kwambili, ndipo ingagwetse munthu wodwala m'ndende. Conde ŵelengani mofatsa, muŵelengelenso makolo amene maso awo anafooka.

Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomeleza lamulo la Cannabis Regulation Act mu February 2020. Lamuloli linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, lomwe limapeleka laisensi yolima, kukonza, kusunga, kugulitsa, kugaŵa ndi kutumiza camba kunja. Cololedwa ndi camba ca mankhwala, ca m'mafakitale ndi ca kafukufuku basi. Kusuta kukali mlandu. Wolima, wokonza kapena wogaŵa popanda laisensi angalipitsidwe K50 miliyoni ya Malawi ndi kukhala m'ndende mpaka zaka 25. Ku Zambia nako, Cannabis Act ya 2021 imalola za mankhwala ndi kafukufuku kwa okhawo opatsidwa laisensi, ndipo a Drug Enforcement Commission akali kugwila opezeka ndi camba.

Munthu sadziika yekha m'gulu la odwala oyenela kulandila mankhwala a camba. Dokotala wovomelezeka ndiye amakupimani, n'kuona ngati matenda anu akufunikadi zimenezi, n'kukulembelani. Mankhwalawo mutenge kwa wogaŵa wokhala ndi laisensi, ndipo musacite manyazi kupempha kuti muione. Masamba a m'jumbo ogulidwa kuseli kwa msika si mankhwala, ngakhale wogulitsayo alumbile bwanji, cifukwa palibe anayeza mphamvu yake kapena kuona ngati muli nkhungu ndi mankhwala ophela tizilombo. Zimene dokotala walembela inu n'zanu nokha. Kupatsako mnansi amene nayenso akumva msana kumaoneka ngati cifundo, koma pamaso pa lamulo mwagaŵa camba.

Nkhani yaikulu ili pa boda. Kuyambila December 2022 apaulendo amaima kamodzi kokha pa Mwami, ndipo ena aganiza kuti malamulonso anakhala amodzi. Ayi ndithu. Cikalata ca dokotala wa ku Malawi sicikupatsani ufulu woloŵa ndi camba m'Zambia, ndipo ca ku Zambia sicikupatsani ufulu woloŵa naco m'Malawi. Kuolotsa mankhwala a m'gulu ili kumafuna cilolezo colembedwa, ndiye musananyamuke funsani mabungwe oyang'anila mankhwala, a ZAMRA ku Zambia ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ku Malawi. Ngati mulibe cilolezo, siyani botolo la mankhwalawo kunyumba, mupemphe dokotala akupatseni mankhwala ena a paulendo. Tidziŵa kuti mabanja ambili kuno ali mbali zonse ziŵili, amalima minda yoyandikana ndi kuika malilo pamodzi, koma kudzela njila za m'minda sikufafaniza mlandu. Anyamata a njinga ndi a matakisi, musalandile phukusi lomanga limene simunaone m'kati, ngakhale wokutumani ndi amalume anu.

Kwa amene mwalembeledwa mwalamulo, tsatilani mlingo wa pa botolo. Mafuta a camba akumwa amacedwa kugwila, nthawi zina ola limodzi kapena aŵili, conco musaonjezele madontho poganiza kuti sanagwile. Mwa zinthu zopezeka m'camba, THC ndiye amaledzeletsa, ndipo angabweletse tulo, cizungulile, mantha ndi kuthamanga kwa mtima. CBD, amenenso amapezeka m'camba, saledzeletsa, koma amasokoneza kagwilidwe ka mankhwala ena, monga a khunyu ndi warfarin, woletsa magazi kuundana. Muuzeni dokotala zonse zimene mukumwa, kuphatikizapo zitsamba. Musayendetse motoka kapena njinga yamoto mutamwa, ndipo musasakanize ndi moŵa. Amai oyembekezela ndi oyamwitsa asamwe. Amene anadwalapo matenda a maganizo, kapena kubanja kwawo aliko, anene poyela asanayambe.

Mankhwalawa amathandiza pa zinthu zoŵelengeka: mselu wobwela ndi mankhwala a khansa, mitundu ina ya khunyu yovuta mwa ana, kukungika kwa minofu, ndi ululu wina wokhalitsa. Sacilitsa khansa, sacilitsa HIV. Tikukupemphani ndi mtima wonse, musasiye ma ARV, mankhwala a TB kapena a shuga cifukwa wina wakulonjezani mafuta a camba.

Sungani botolo lotseka, pamwamba, patali ndi ana. Mwana akamwa mwangozi n'kuyamba kugona mosadzuka kapena kupuma movutika, thamangani naye ku cipatala capafupi, kaya ca boma pa Mchinji kapena ca Mwami, mutanyamula botololo kuti acipatala aone cimene wamwa.