Mmene Mungachepetsere Magetsi Owonongeka pa Kompresa ya Screw

Kompresa ya screw ilibe pisitoni. M'kati mwake muli zitsulo ziwiri zopotana zolumana, zimene amakaniki amazitcha ma rotor, ndipo zikamazungulira zimakola mpweya pakati pa mano ake n'kuuthinikiza pang'onopang'ono mpaka utulukire kumapeto. Pa makompresa ambiri rotor yaimuna ili ndi mano 4, yaikazi ili ndi mipata 6. Heinrich Krigar analembetsa nzeru imeneyi ku Germany mu 1878, koma amene anaikonza kuti igwire ntchito bwino ndi Alf Lysholm wa ku Sweden m'zaka za m'ma 1930.

Vuto lalikulu la makinawa lili pa kapangidwe kake. Ma rotor sayenera kukhula khoma la chitsulo chowakuta, choncho pamatsala timipata tating'ono kwambiri, kuphatikizapo kabowo ka ngodya zitatu pamene mano awiri amakumana ndi khomalo. Mpweya umene wathinikizidwa kale umathawira m'timipatamo kubwerera m'mbuyo, ndipo mota imauthinikizanso kachiwiri. Ndi chifukwa chake pa makompresa ambiri oyilo amapoperedwa m'kati mwenimwenimo: amatseka timipata, amaziziritsa mpweya, komanso amafewetsa ma bearing.

Choncho yambani ndi oyilo. Gwiritsani ntchito mtundu umene wopanga makina analamula, ndipo muziyang'ana kutentha kwa mpweya wotuluka, kumene pa makina ambiri kumakhala pakati pa madigiri 80 ndi 95. Kukakwera kwambiri, oyilo amapyapyala, amaleka kutseka timipata ndipo amakalamba msanga. Kukatsika kwambiri, chinyezi cha mu mpweya chimasanduka madzi, ndipo mudzaona oyilo atayera ngati mkaka pa kagalasi koonera. Ambiri amasangalala makina akamayenda ozizira, koma kuzizira kopitirira kumadya ma bearing mwakachetechete. Tsukani choziziritsira, sinthani fyuluta ya mpweya wolowa, ndipo musadikire kuti fyuluta yolekanitsa oyilo ndi mpweya itsekeke, chifukwa ikatsekeka mota imalimbana nayo tsiku lonse.

Kenaka onani presha. Kukula kwa bowo lotulukira kunakhazikitsidwa pa fakitale mogwirizana ndi presha inayake, ndipo mukayendetsa makina kutali ndi presha imeneyo, mphamvu imawonongeka. Presha imayezedwa m'mabar, ndipo bar imodzi yowonjezera imakweza magetsi ndi pafupifupi 7 peresenti. Ngati zida zanu zimafuna mabar 6 koma kompresa munaiika pa 8, mukulipira mabar awiri amene palibe akuwagwiritsa ntchito, ndiponso mpweya wothawa m'mabowo umachuluka. Tsitsani presha pang'onopang'ono mpaka mupeze pamene chida chakutali kwambiri chikugwirabe ntchito bwino.

Chinthu chimene ndimaona kuti chimanyalanyazidwa kwambiri ndi nthawi imene kompresa imazungulira osapopa. Thanki yosungira mpweya ikadzaza, valavu yolowera imatseka koma mota imapitirizabe kuyenda, ndipo imadyabe pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi la magetsi ake, nthawi zina kuposerapo, popanda mpweya uliwonse wotuluka. Werengani manambala awiri a maola amene makina amasonyeza, a kuyenda konse ndi a kupopa. Ngati akusiyana kwambiri, kompresayo ndi yaikulu kuposa ntchito yanu. Thanki yaikulupo imathandiza, ndipo pamene kufunika kwa mpweya kumasinthasintha, kompresa yosintha liwiro la mota ndi yabwino. Komabe dziwani kuti ikamayenda pang'onopang'ono kwambiri, mpweya wothawira m'timipata muja umakhala gawo lalikulu la mpweya wonse, motero si yankho la vuto lililonse.

Pomaliza yesani mapaipi. Ntchito ikatha, zimitsani zida zonse, siyani kompresa ikuyenda, ndipo muwerenge ndi wotchi mphindi zimene ikupopa. Ikapopa mphindi 2 pa mphindi 10 zilizonse pamene palibe akugwiritsa ntchito mpweya, ndiye kuti 20 peresenti ya mphamvu yake ikuthera m'mabowo. Yendani motsatira mapaipi pamene pali zii, mvetserani kulira kwa mpweya, ndipo pakani madzi a sopo pa malumikizo onse. Pamene patuluka thovu, ikanipo chizindikiro ndipo mukonze tsiku lomwelo.