Momwe mungadziwire kuti ndi mphumu, ndi momwe mungakhalire nayo kuno ku Lusaka

June akangolowa, m'makomboni mwathu mumadzaza utsi wa mbaula ndi wa zinyalala zowotchedwa, ndipo usiku m'nyumba zambiri mumamveka kukhosomola. Mwana wa mlongo wanga ku Chawama anakhosomola chonchi nyengo zitatu zozizira. Ulendo uliwonse ku kiliniki ina ankamupatsa mankhwala opha tizilombo, chifuwa n'kuleka pang'ono, n'kuyambiranso. Anali ndi zaka 9 pamene dokotala wina anafunsa mayi ake kuti: "Amayi, kodi mwanayu amadzuka usiku akubanika?" Inali mphumu. Zimandipwetekabe mtima kuti zaka zitatu zinapita popanda wofunsa funso limeneli.

Yambani ndi kumvetsera. Munthu wa mphumu njira zake za mpweya m'mapapo zimatupa ndi kudzaza makhololo, timinofu tozizungulira timakungika, mpweya n'kumadutsa movutikira. N'chifukwa chake amakhosomola usiku kapena mbandakucha, m'chifuwa mumalira ngati likhweru akamatulutsa mpweya, ndipo amamva ngati wina wamumanga lamba pachifuwa. Chosiyanitsa mphumu ndi zifuwa zina n'chakuti imabwera n'kupita: lero mwana akusewera mpira bwinobwino, mawa wangothamanga pang'ono wakhala pansi akupuma wefuwefu. Siipatsirana ayi, koma imayenda m'banja. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa.

Kenako gulani kope. Kwa milungu iwiri lembani tsiku ndi nthawi imene kubanika kwayamba, zimene wodwala amachita, ndiponso ngati wadzuka usiku. Kope limeneli limathandiza dokotala kuposa kungonena kuti "amadwaladwala chifuwa".

Ndi kope lanulo pitani ku kiliniki ya kwanuko kapena ku chipatala cha Matero, Chipata, Kanyama, Chawama kapena Chilenje. Vuto likakhala lalikulu adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa. Ngati mwakhosomola milungu iwiri, musakhumudwe akakupemphani makhololo kuti ayeze TB; kuno kwathu n'koyenera kutero kaye. Poyeza mphumu amakupatsani kachipangizo kotchedwa peak flow meter kuti muuziremo mwamphamvu, kapena makina oyeza kapumidwe otchedwa spirometer kumene alipo. Mukatero amakupoperani salbutamol, mankhwala otsegula njira za mpweya, mudikire mphindi 15, n'kuuziranso. Mpweya ukawonjezeka kwambiri, ndiye kuti njira zinali zothina ndipo mankhwala azitsegula, chomwe ndi chizindikiro champhamvu cha mphumu. Ana osakwana zaka 5 sauzira bwino, choncho dokotala amadalira mbiri imene mwamuuza ndi kuona mmene mwana akuchitira akayamba mankhwala.

Mukadziwa kuti ndi mphumu, fufuzani chimene chimaidzutsa, poti aliyense ali ndi zake. Kuno choyamba kuganizira ndi mbaula. Magetsi akazima tonse timathamangira makala, ndipo kukazizira ambiri amailowetsa m'nyumba n'kutseka mawindo. Yatsani ndi kuphikira panja kapena pakhonde. Mbaula m'chipinda chotseka imapha ngakhale munthu wopanda mphumu. Mu August mphepo ikamaulutsa fumbi, wazani madzi musanasese pabwalo, m'nyumba muzikolopa m'malo mosesa, ndipo wodwalayo asakhale pafupi. Mabulangete amene anakhala m'sutikesi chaka chonse achapeni ndi kuwayanika padzuwa musanafunde. Mphemvu, ubweya wa mphaka, nkhungu ya pakhoma ikadutsa nyengo ya mvula, makoyilo a udzudzu, mankhwala opopera tizilombo ndi mafuta onunkhira kwambiri, zonsezi zimadzutsa mphumu mwa ena. M'malo mwa koyilo, gonani m'neti. Wosuta fodya akasutire kutali, ngakhale atakhala atate a nyumba. Akuluakulu ena amabanika akamwa aspirin, ibuprofen kapena diclofenac, choncho muuzeni wogulitsa mankhwala kuti muli ndi mphumu asanakupatseni za mutu. Koma mwana musamuletse kusewera. Akamabanika pothamanga, ndiye kuti mankhwala ake ayenera kuwunikidwanso.

Tsopano mankhwala opopera m'kamwa, amene ambiri timangoti inhela. Yabuluu, ya salbutamol, imatsegula njira mwamsanga munthu akabanika, koma sichotsa kutupa. Yoteteza, monga ya beclomethasone yomwe kawirikawiri imakhala yofiirira, ndiyo imachepetsa kutupako, ndipo imafunika tsiku ndi tsiku ngakhale mukumva bwino. Mukaipopera muzichukucha m'kamwa n'kulavula. Ngati yabuluu mukuifuna koposa kawiri pa mlungu, mphumu yanu siinagwidwe bwino, bwererani kwa dokotala. Ndamvapo agogo ena akuletsa mdzukulu wawo inhela ati akaiyamba sadzaisiya. Si zoona. Inhela siizolowereka ngati fodya, ndipo mankhwala ake amapita molunjika m'mapapo pamlingo wochepa kuposa wa mapiritsi.

Ambiri amalakwitsa kapoperedwe. Khutchumulani inhela, tulutsani mpweya wonse, ikani pakamwa milomo itatseka bwino, dinani kamodzi mukuyamba kukoka mpweya pang'onopang'ono, ndipo ugwireni kwa masekondi 10. Kwa mwana zimenezi n'zovuta, ndiye pamafunika spacer, chubu chimene chimasunga mankhwala kuti awakoke mosafulumira. Ikasowa, botolo la pulasitiki la 500 ml limagwira ntchito: litsukeni ndi sopo, lisiyeni liume lokha, boolani kumatako kwake bowo lokwana kukamwa kwa inhela, mwana aike pakamwa kukamwa kwa botolo. Dinani kamodzi, apume kasanu, kenaka mubwereze ngati dokotala anatero. Pemphani namwino aone mmene mukuchitira. Inhela yopopera molakwika mankhwala ake amangothera pa lilime.

Pomaliza, onse a m'nyumba ndi aphunzitsi a mwana adziwe chochita zikavuta. Mukhazikeni wodwala tsonga, musamugoneke. Mupopereni yabuluu kudzera m'botolo kapena spacer, kamodzikamodzi, kanayi mpaka ka 10, ndipo mutha kubwereza pakatha mphindi 20. Akamalephera kumaliza chiganizo, khungu la pakati pa nthiti ndi pakhosi likamalowa m'kati popuma, milomo ikada, akayamba kuwodzera, kapena m'chifuwa mukangoti zii koma iye akubanikabe, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto, pitirizani kumupopera muli m'njira, ndipo mukafika musaime pamzere: uzani namwino pomwepo kuti wodwala wa mphumu sakupuma bwino.