Mungadziwe bwanji ngati mukuyenera thandizo la ndalama za koleji ku America

Musanayambe, khalani ndi nambala ya Social Security, satifiketi ya sekondale kapena GED (satifiketi yofanana ndi ya sekondale), ndi zikalata za msonkho wa zaka ziwiri zapitazo.

1. Onani ngati ndinu nzika ya America kapena muli ndi green card (chilolezo chokhala m'dzikolo mokhazikika). Amene ali pa viza ya ophunzira ya F-1 salandira thandizo la boma, afunse ku koleji kwawo.

2. Tsimikizani kuti koleji yanu ndi yovomerezeka pa thandizoli.

3. Tsegulani akaunti pa StudentAid.gov n'kulemba fomu ya FAFSA, yofunsira thandizo la boma. Ndi yaulere, wina asakulipiritseni.

4. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Ngati simunakwane zaka 24, simuli pabanja komanso mulibe mwana womusamalira, kawirikawiri boma limakuonani kuti mukudalira makolo, ngakhale lendi mumalipira nokha. Kholo litsegule akaunti yakeyake ndipo livomere kuti IRS, bungwe lotolera misonkho, ipereke zambiri za msonkho wake. Likapanda kuvomera, Pell Grant (ndalama za boma zosabweza) simuiona, chonde kambiranani zimenezi msanga.

5. Tumizani fomu mwachangu, chifukwa makoleji ambiri amasiya kulandira mafomu tsiku lomaliza la boma la 30 June lisanafike. Muziilembanso chaka chilichonse, ndipo magiredi anu asatsike.