Mchere wa pamulu ndi khosi lanu

Patsogolo pa khosi, m'munsi mwa kholingo, pali kachiwalo kooneka ngati gulugufe kotchedwa chithokomiro. Ntchito yake ndi kupanga mahomoni, timadzi toyenda m'magazi n'kumauza thupi liwiro loti ligwirire ntchito. Kagundidwe ka mtima, kutentha kwa thupi, ngakhale kukula kwa ubongo wa mwana, zonsezi zimadalira timadziti. Koma chithokomiro sichingapange timadziti popanda ayodini, chinthu chofunika m'thupi chomwe timachipeza m'zakudya. Akasowa, chimakula pofuna kukoka kochepa komwe kali m'magazi, ndipo apo m'pamene khosi limatupa.

Tisachisokoneze ndi mwanabere, yemwe amatupa thupi likamalimbana ndi chilonda kapena matenda ena.

Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 150 a ayodini patsiku, mayi woyembekezera 250. Ndi kochepa kosaoneka n'komwe, komabe nsima ndi ndiwo zathu zokha sizikwanitsa. Mvula ya kuno ku Zomba imakokolola ayodini m'nthaka, makamaka m'minda ya m'mphepete mwa phiri, ndipo matemba a ku Chilwa, poti si nsomba za m'nyanja zikuluzikulu zamchere, sangatipulumutse. N'chifukwa chake malamulo a dziko lino amati mchere wogulitsa uzikhala wothira ayodini.

Vuto ndimaliona pamsika, kaya pa Songani kaya ku Jali. Mchere wa pamulu umakhala padzuwa tsiku lonse, madzulo n'kulowa m'thumba lachinyezi, ndipo ayodini amauluka. Gulani wa m'paketi yomata, yolembedwa kuti muli ayodini. Mukafika kunyumba, khuthulirani m'botolo louma lokhala ndi chivindikiro, liikeni kutali ndi moto, osati patsanja pamwamba pa mafuwa. Ena amatsuka mchere wa mibulu kuti uyere; dziwani kuti ayodini amapita ndi madziwo. Thirani mchere ndiwo zikatsala pang'ono kupsa, ndipo musachite kuchulutsa ati pofuna ayodini wambiri, mungaitane BP.

Inu odya nsima ya chinangwa, chinangwa chowawa muzichisenda, kuchiviika masiku angapo mpaka chifewe, kenako n'kuchiyanika chiume bwino. Poizoni wake akatsalira, amatsekereza chithokomiro kulandira ayodini.

Amayi oyembekezera, nkhaniyi ndi yanu kwambiri, chifukwa mwana wosowa ayodini m'mimba amavutika kugwira za m'kalasi akadzakula. Khosi likayamba kutupa musatemere mphini. Pitani kuchipatala akakupimeni, popeza si chotupa chilichonse chimene chimabwera chifukwa chosowa ayodini.