Chikande chikusowa m'madambo, nayi njira yochisamalira pomwe chili

Alimi anzanga, makamaka inu amayi amene mumakumba chikande ku Dedza, ku Ntcheu, ku Viphya mpaka kumtunda uko ku Chitipa komwe amachitcha chinaka, mwaona nokha kuti masiku ano kuti mudzaze kandowa kamodzi mukuyenda mtunda umene kale simunkayenda. Ambiri mukafunsidwa mumati mvula yasintha, ena amati chinathawa moto. Zonsezo zilipo ndithu koma chachikulu ndi kakumbidwe kathu, ndiye lero ndati tikambirane za kambewu kameneka ngati mbewu, chifukwa tinazolowera kukaona ngati udzu womera wokha.

Chikande ndi timbatata ta maluwa a m'tchire a mtundu wa ma orchid, aja omera pansi osati omera pamitengo. Akatswiri amatchula magulu monga Disa, Satyrium ndi Habenaria, ndipo si mtundu umodzi ayi, ndi mitundu yambiri yomwe tonse timangoiphatikiza m'dzina limodzi. Kamamera mvula ikagwa, kamachita maluwa kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi malinga ndi mtundu wake, ena apinki, ena oyera, ena obiriwira moti osayang'anitsitsa mukhoza kuwaponda, kenako kumtunda kumauma n'kutsala kambatata pansi kudikira dzinja lina. Mukakumba bwinobwino osadula muona timbatata tiwiri. Kena kofota, kakuda, kofewa ngati kaphwetekere kotha, ameneyo ndi mayi amene wadyetsa chomera chaka chino. Kena kolimba, kodzadza, mukakadula kamatuluka zonanda ngati therere, ameneyo ndiye wa chaka chamawa. Ndiye ife timatenga kolimbako eti, chifukwa ndi komwe kamagwira chikande chikamaphikidwa ndi nsinjiro ndi chidulo. Apo ndiye kuti chomera chonse tachipha basi, sizili ngati chinangwa choti mudula mtengo mubzalanso.

Mwina wina anena kuti nanga si chimabereka njere. Chimabereka inde, zambirimbiri, koma njere zake ndi fumbi lenileni. Tsiku lina mukapeza kathumba ka njere kouma kabulawuni kang'ambeni pa chikhatho muone, zimangokhala ngati ufa woti mukapuma pafupi zauluka. Njere ya chimanga imakhala ndi kamba wake mkati, iyi ilibe kanthu, ndiye kuti imere imadalira tizingwe ta bowa tosaoneka ndi maso tomwe timakhala m'dothi, timalowa m'njeremo n'kumaidyetsa mpaka itapanga kambatata kakekake. Popanda bowa ameneyo palibe chimera, ndipo ngakhale zitatheka pamatenga zaka zingapo kuti kafike pochita maluwa. N'chifukwa chake simungafese chikande pa nazale ngati mpiru. Ku Zambia a Copperbelt University mogwirizana ndi a Kew, malo ofufuzira za zomera a ku London, anayesapo kumeretsa njerezi m'mabotolo mu labu, zomwe zikuonetsa kuti nkhaniyi si yamasewera, koma ife kumudzi labu tilibe, labu yathu ndi dambo lomwelo.

Ndiye uphungu wanga woyamba, umenenso ndimaukakamira kwambiri, ngwakuti munda wa chikande ndi pomwe chikumera kale. Pitani nthawi ya maluwa, Januwale kapena Febuluwale, musatenge khasu, tengani tizikhomo. Pomwe mwaona zamera mothithikana khomanipo zikhomo m'mbali kuti mudziwe malire, chifukwa chilimwe chikafika pamangooneka udzu wokhawokha simungapazindikire. Malowo agaweni zigawo zitatu kapena zinayi, chaka chino mukumba chigawo chimodzi, zinazo zipume, chaka chamawa china, choncho. Ndipo m'chigawo chomwe mukukumbacho musasese zonse, zomera zazikulu zamaluwa ambiri zija zomwe mtima umathamangira ndi zomwe muyenera kusiya zina chifukwa ndizo zimabereka njere zambiri, tating'ono tatsamba limodzi tomwe sitinayambe maluwa tisiyeninso, kambatata kake n'kochepa ngati nzama simupindula nako kanthu.

Nthawi yokumba ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Chifukwa cha mpikisano, aliyense amafuna afike msanga mnzake asanafike, ndiye anthu akukumba maluwa ali pomwepo chifukwa ndi pomwe chimaoneka mosavuta. Pamenepo mwaluza kawiri, kambatata katsopano sikanakhwime ndiye n'kopepuka komanso sikachedwa kuola m'thumba, kwinaku njere sizinagwe. Dikirani mpaka timatumba ta njere tiume ting'ambike tokha, phesi lichite bulawuni, nthawi zambiri ndi mvula itatha cha mu Epulo kupita mu Meyi ndi Juni. Musanakumbe gwedezani phesilo pomwepo kuti fumbi lotsala ligwere m'dothi lakwawo momwe muli bowa wake. Kumbani ndi kamtengo kosongola kapena kakhasu kakang'ono, osati kugalauza chigawo chonse ngati mukulima mbatata. Mukapeza chomera chili ndi timbatata tatsopano tiwiri, zimachitika kwa mitundu ina, tengani kamodzi, kachiwiriko kabwezereni pakuya pomwe kanali, maso ake kumwamba, mukwirire n'kutsendera pang'ono ndi dzanja. Dzenje losiyidwa pululu limaumitsa tating'ono tomwe tili pambali.

Za moto. Udzu wa kumapiri ndi m'madambo umapsa kuyambira kale ndipo zomerazi zinazolowera, moti malo osapsa zaka zambiri udzu wakale umakanirira n'kuziphimba. Vuto ndi nthawi yake. Moto wopita njere zisanagwe umatentha mbewu yonse ya chaka chimenecho, pomwe moto waukali wa mu Okutobala, uja wa osaka mbewa, umapsereza nthaka pamwamba makamaka dambo likauma kwambiri. Bola kutentha mochedwerako pang'ono njere zitagwa koma udzu usanaumitsitse, cha mu Juni kapena Julaye, m'mawa kapena madzulo kopanda mphepo, mutalambula m'mbali. Ziweto nazonso, ng'ombe zingapo kudutsa chilimwe si vuto, koma kuzikhazika pamenepo nthawi ya maluwa zimadya nsonga n'kupondaponda. Nkhumba zolekerera ndiye ayi, zimafukula timbatata tonse usiku umodzi. Ndipo china chomwe chikumaliza chikande mwakachetechete ndi madimba, dambo mukalikumbira ngalande kuti mudzalemo kabichi kapena kachewere madzi amatsika ndipo chikande sichibwereranso, ndiye siyaniko kachigawo kosalima, ngakhale kakang'ono.

Tsopano kwa amene mukufuna kuyesa kubzala pakhomo, chifukwa ndikudziwa funso limeneli libwera. N'zotheka kuyesa koma ndinene mosabisa, zambiri zimafa. Ine nditangoyamba ntchito ya ulangizi ndinatengako timbatata pa dambo lina lomwe ankalitsegula dimba, ndinatitsuka bwinobwino kuti tioneke taukhondo, n'kutidzala m'machubu a dothi la kumunda losakaniza ndi manyowa a nkhuku, ndinathiranso kafeteleza pang'ono poganiza kuti ndikuchita zaulangizi. Tinaphuka ndithu chaka choyamba ine n'kumanyada, chilimwe ndinkathirira tsiku ndi tsiku ngati tomato, pofika Novembala nditakhuthula chubu chimodzi ndinapeza phala lonunkha basi. Zolakwa zinali zitatu, kutsuka kunachotsa dothi lakwawo, manyowa ndi feteleza zinali zaukali, ndipo madzi a chilimwe anaoletsa kambatata kamene kamayenera kugona.

Ndiye ngati mukuyesa, tengani pokhapokha pamalo pomwe pakuonongeka kale, monga pomwe akulima kapena kukumba dothi la njerwa, ndipo mwini malo avomere. Dulani chibuluma chonse ndi udzu wake womwe, chachikulu ngati njerwa ziwiri, nthawi yomwe chomera chauma kumtunda, musachigwedeze. Kachiikeni pamalo ofanana ndi komwe chachoka, cha m'dambo chipite ponyowa m'mphepete mwa dimba, cha paphiri chipite potsetsereka pomwe madzi sadikha, padzuwa osati pansi pa mango. Feteleza ayi, manyowa a khola ayi, mankhwala opopera a chiwawu aja a tomato ndi kachewere ndiye musayandikitse n'komwe chifukwa ntchito yake ndi kupha bowa, ndipo bowa ndi amene tikumufuna pano. Udzu ukakula muzingoumweta pamwamba ndi chikwakwa chilimwe, osapalira ndi khasu. Dzinja mvula ikwanira yokha, ikadula masabata awiri mukhoza kuthirirako ndi madzi a pachitsime kapena a mvula, koma masamba akayamba chikasu siyani kuthirira mpaka mvula ina. Chenjerani ndi mfuko ndi mbewa, komanso nkhuku zimapalasa, tchingirani ndi timinga. Ndipo anthu akumadera otentha ngati ku Chikwawa kapena m'mbali mwa nyanja musavutike ndi mitundu ya kumapiri, imafuna kozizira. Zaka ziwiri zitatu zoyamba musakumbe kanthu, muzingowerenga kuti zaphuka zingati, zikachuluka ndiye kuti malowo zawalola.

Kumbali ya malamulo ndisakubisireni. Ku Nyika kuli mitundu ya ma orchid yoposa 200 ndipo ndi komwe anthu ambiri amalowera mozemba, koma ndi paki, kukumba m'menemo ndi mlandu ndipo anthu amamangidwa. M'nkhalango za boma namonso simungangolowa popanda chilolezo cha a zankhalango. Kutulutsa timbatatati kunja kwa dziko kumafunanso mapepala chifukwa ma orchid onse ali pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera za m'tchire. Chomwe chakokera zonsezi ndi msika wa ku Zambia komwe chikande, chomwe kumeneko amati chikanda, chinachoka pa chakudya cha kumudzi n'kufika pogulitsidwa m'tauni ngati Lusaka, mpaka amachitcha polony wa ku Africa. Kafukufuku wa bungwe loteteza zachilengedwe la Wildlife Conservation Society chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anapeza kuti timbatata toposa 2 miliyoni tinkachoka kumapiri a kumwera kwa Tanzania chaka chilichonse kulowa ku Zambia, ndipo ichi chinali chimodzi mwa zifukwa zomwe Tanzania inakhazikitsira paki ya Kitulo mu 2005 kuti iteteze maluwa. Ogula akamaliza dera lina amasamukira kwina, ndiye musadabwe kuona mavenda achilendo akufunsa chikande pamsika wakwanu ndi ndalama m'manja.

N'chifukwa chake zonse ndanenazi munthu mmodzi sangazikwanitse, inu mukasiya chomera kuti chibereke mnzanu wa mudzi woyandikana abwera mawa n'kuchizula. Nkhaniyi ipite kwa amfumu ndi ku komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, ija imayang'anira nkhalango ya mudzi, mugwirizane tsiku lotsegulira kukumba ngati momwe asodzi amatsekera nyanja, chigawo chopuma chidziwike kwa aliyense, ndipo wobwera kuchokera kwina ayambe waonekera kwa amfumu. Amayi amene akhala akukumba zaka zambiri ndi amene akhale patsogolo poika zikhomo, amadziwa mitundu yomwe imagwira bwino pophika ndi yomwe imangowonjezera thumba, yosagwirayo palibe chifukwa choikumbira. Ndipo pokolola sungani timbatata tosatsuka pamthunzi popita mphepo, m'dengu osati m'thumba la pulasitiki, kuti zomwe mwakumbazo zisaolere m'nyumba n'kukubwezaninso kudambo kukakumba zina. Amene muyambe chaka chino, zikhomo zija dulani za mtengo wosafumbwa msanga ndipo muzikhome mozama, chifukwa zanga zoyamba ana oweta mbuzi anazula n'kukaotchera chimanga.