Mmene ndimapezera mawu ojambulidwa a nkhani za Bret Harte

Ndimaphunzitsa Chingerezi kuno ku Mchinji, ndipo ndinaona kuti ana amagwira msanga nkhani akaimva ndi khutu. Bret Harte, mlembi wa ku America wobadwira ku Albany mu 1836, ankalemba za anthu okumba golide ku California. Nkhani yake yotchuka ndi "The Luck of Roaring Camp" ya mu 1868.

Musanawononge bandulo, dziwani ichi. Thomas Edison anapanga makina ojambula mawu mu 1877, ndipo timigolo taphula tomwe ankajambulirapo pambuyo pake tinkatha mphindi ziwiri zokha, kenako zinayi kuyambira 1908. Nkhani yonse siikanakwanamo, ndiye pa zakalezo yembekezani ndakatulo kapena kachidutswa basi.

Zakale zenizeni muzifufuze pa Internet Archive ndi pa UCSB Cylinder Audio Archive, masamba a pa intaneti osungira zojambula zakale. Lembani dzina la mlembi, mukapanda kupeza kanthu yesani mutu wa nkhani, chifukwa nthawi zambiri dzina lolembedwa ndi la wowerenga. Mukafuna nkhani yathunthu pitani pa LibriVox, pomwe anthu odzipereka akhala akuwerenga mabuku akale kwaulere kuyambira 2005.

Ine ndimakopera mu foni ndikapita pa boma, poti kwathu netiweki imathawathawa. Zojambula zakale zimachita phokoso ngati mvula pa malata, choncho valani zam'khutu. Yambani mwawerenga nkhaniyo pa Project Gutenberg, tsamba la pa intaneti la mabuku akale aulere. Tsiku lina ndinawatsegulira ana zojambula zakalezi osakonzeka, iwo n'kungoseka kuti azunguwo akulankhulira m'chitini.