Musanapereke ndalama ya nyumba mu Blantyre muno, onani izi kaye

Abale anga, ngati mwasonkhanitsa kandalama ndipo mukufuna kugula nyumba kuti musiyane nazo za lendi, chonde musathamange chifukwa choti dobadoba wakuuzani kuti "bwana pali wina akubwera ndi kashi mawa". Mawu amenewo amauza aliyense. Nyumba mutha kuikonza, malata mutha kusintha, matailosi mutha kuika, koma malowo simungawanyamule kupita nawo kwina, ndiye yambani mwaona dera, nyumbayo ibwere pambuyo.

Kaoneni malowo nthawi ya dzinja, Januwale kapena Febuluwale mvula ili pakati. Mu Ogasiti dera lililonse limaoneka bwino. Tonse tikukumbukira zomwe namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, matope ndi miyala zinatsika kuchokera m'phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, anthu ambiri anatisiya ali m'nyumba zawo zomwe anazivutikira. Ndiye nyumba ikakhala m'munsi mwa phiri, m'khwawa, kapena pafupi ndi mtsinje ngati Mudi, Naperi, Likhubula, musakopeke ndi kutchipa kwake. Ngati simungadikire dzinja yang'anani zizindikiro, mzere wa matope pakhoma kapena pampanda, pulasitala yofufuma m'munsi, matumba a mchenga pageti, ngalande yomwe madzi anakumba okha pakati pa msewu. Penti yatsopano yopaka m'munsi mokha imabisa zambiri. Ndipo afunseni amayi ogulitsa tomato pafupi pomwepo kuti mvula ikagwa madzi amadutsa pati, iwowo sakupindula kanthu pa malondawo ndiye akuuzani zoona.

Nkhani ya madzi akumwa nayonso ndiyaikulu kuno. Madzi ambiri a Blantyre Water Board amachokera mu Shire ku Walker's Ferry, amachita kuwapopa kukwera mtunda wonsewo, nchifukwa chake madera okwera amavutika kwambiri magetsi akangovuta kapena paipi ikaphulika. Tsegulani mpopi nokha masana, osati kungouzidwa kuti madzi aliko. Mukaona nyumba iliyonse m'deramo ili ndi thanki pamwamba, kapena zigubu zafola pa kiyosiki mpaka kumsewu, dziwani kuti madzi amabwera usiku kapena amatha masiku. Magetsi chimodzimodzi, onani ngati mita ya ESCOM ilipodi, chifukwa "polo ili pafupi" ndi "magetsi alimo" ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo nyumba yomangidwa pansi pa mawaya akuluakulu aja ipeweni basi.

Kenako yesani ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku. Mudzuke m'mawa tsiku lantchito, mukaime pa siteji ya deralo cha m'ma 6:30, mukwere minibasi mpaka kuntchito kwanu. Nyumba ya ku Machinjiri, Chigumula, Lunzu kapena Chileka ikhoza kutchipa kuposa ya ku Chitawira kapena Nkolokosa, koma ngati mukukwera kabaza kukafika pa tala, kenako minibasi ziwiri, ana nawonso akukwera zawo kupita kusukulu, muwerengere ndalama imeneyo pa mwezi kenako pa zaka khumi muone ngati yatchipadi. Ganiziraninso usiku mwana atatentha thupi kapena mayi akunyumba matenda atayamba, galimoto ingafike pakhomo? Kupita ku chipatala chachikulu cha Gulupu ndi mphindi zingati?

Pitaninso Lachisanu madzulo ndi Lamulungu m'mawa. Pali nyumba zomwe masana kuli zii koma kuseri kwa mpanda kuli bala yomwe imaimba mpaka mbandakucha, kapena chigayo, kapena tchalitchi cha ma sipika usiku onse. Chezani ndi maneba awiri atatu, funsani za akuba, ngati kuli achitetezo a m'dera, komanso ngati anthu amathandizana pa maliro ndi pa matenda. Izi ena amaziona ngati zazing'ono koma anthu amenewa ndi amene adzayambe kufika pakhomo panu zikadzavuta.

Tsopano mapepala, apa ndi pomwe anthu ambiri alirira. Funsani kuti malowo ndi a ndani, a Unduna wa za Malo, a Malawi Housing Corporation, a khonsolo ya mzinda, kapena ndi aja amangoti "a mfumu akudziwa". Kakalata kolemba pamanja kokhala ndi chidindo cha a mfumu si title deed, chikalata cha boma cha umwini wa malo, ndipo m'tauni muno puloti imodzi imatha kugulitsidwa kwa anthu atatu aliyense ali ndi kakalata kake. Ngati pali deed kapena lease (chikalata chobwereka malo kwa zaka zoikika), tengani nambala yake mupite nokha ku ofesi ya za malo mukachite search, muone ngati dzina lomwe lili m'kaundula ndi la munthu amene akukugulitsaniyo, ngati nyumbayo sinaikidwe chikole kubanki, komanso kuti lease yatsala ndi zaka zingati pakuti zambiri zimakhala za zaka 99. Funsaninso za ngongole ya ground rent (lendi ya malo ya pachaka), ma city rates (msonkho wa kukhonsolo) ndi bilu ya madzi, apo ayi mudzalipira ndinu. Ikakhala nyumba ya masiye samalani kawiri. Mnzanga wina anagula kwa mwana woyamba wa malemu, ndalama zonse anapereka, patangotha miyezi ingapo azichemwali ake a wogulitsayo anatulukira nkunena kuti sanauzidwe, mpaka lero nkhani ili kukhoti ndipo mnzangayo akadali pa lendi. Muone kalata ya kukhoti yopatsa munthuyo mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu, ndipo mayi wamasiye ndi ana onse avomereze polemba. Loya amadula inde, koma musamuthawe pa nkhani ngati iyi. Saveya, woyeza malo, nayenso abwere akuonetseni mabikoni osonyeza malire a puloti, mipanda yambiri inalowa mu puloti ya neba kapena m'malo a msewu.

Nyumba yeniyeniyo tengani mmisiri wanu, osati wa wogulitsa. Aone ngati ndi njerwa zootcha kapena zidina zongopaka pulasitala, ming'alu yoyenda chopingasa kuchokera pa windo, chiswe m'mitengo ya denga, madontho pa siling'i, ndi pomwe pali sepitiki kapena chimbudzi chokumba poyerekeza ndi chitsime. Onaninso ngati pabwalo patsala malo oti mawa mungamange ka boys quarter kapena kulima timasamba.

Ndalama perekani kudzera kubanki, mu akaunti ya mwini wake yemwe dzina lake lili pa mapepala ndi pa chiphaso cha unzika, mutasainirana pamaso pa loya ndi mboni. Dobadoba alandire komishoni yake yokha, makiyi atafika m'manja mwanu.